Ofisina ya ku Matundo yomwe inakana kundiikira turbo pa Fit

Anzanga a ma Fit ndi ma Vitz kuno ku Tete, ofisina (galaja) iyi ndikuyiyamikira ngakhale zomwe ndinapitira sanandipangire.

Yanga ndi Honda Fit yoyamba ija, GD1, injini 1.3 ya mahatchi 86, giyabokosi yake ndi otomatiki ya mtundu wa CVT. Chimanditopetsa ndi msewu wa N7, ukachoka ku Moatize kulowera ku Zóbuè mathiraki ali ndondondo, kuti uwapitilire umaponda moto wonse injini ikungolira koma liwiro likubwera mwaulesi, ndiye ndimafuna andiikire turbo, chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini, olo asinthe pulogalamu ya kompyuta ya injini.

A mestre, makaniko wamkulu wa pamalopo, anati ayi achimwene, bwerani muone kaye. Anandionetsa CVT yophwasula ya galimoto ina. Mulibe magiya osinthasintha ngati manyuwale, muli mapule awiri ndi lamba wachitsulo pakati, ndipo lambayo amakoka chifukwa wapanidwa ndi mphamvu ya oyilo basi. Ukaonjezera mphamvu ya injini kupyola yomwe anayipangira lamba amayamba kuterereka, amakanda mapule, tizitsulo timalowa mu oyilo, zikatero giyabokosi yonse yapita. Ndinagwira ndi chala mizere yokandikayo. Ndiye onjezerani kutentha kwa kuno mwezi wa Okutobala kopyola madigiri 40, oyilo amakhala watopa kale musanawonjezere kalikonse. Fit imeneyi ilinso ndi kilatchi yonyamukira yomwe imanjenjemera oyilo akakalamba, turbo ingangoyimaliza msanga.

Zomwe anapanga ndi izi, anachotsa oyilo wakale wa mu giyabokosi nkuthira wa Honda weniweni, HMMF, osati ATF, oyilo wamba wa ma otomatiki amene ena amangothira. Anasintha mapulagi onse 8, eetu injini iyi ili ndi awiri pa silinda iliyonse ndipo amakaniko ambiri amangosintha 4 akutsogolo, akumbuyo osawakhudza. Fyuluta ya mpweya inali fumbi lokhalokha. Marimu akuluakulu omwe ndinaigula nawo anati ndibwezere ang'ono chifukwa kulemera kwake kumadya mphamvu yochepa yomweyo. Ekizozi yaphokoso anati ikani ngati mumakonda phokosolo koma liwiro musayembekezere.

Pano kunjenjemera ponyamuka kunachepa kwambiri ndipo ikukoka bwino kuposa kale, koma ikadali 1.3, pa mtunda wa ku Angónia mutanyamula anthu ndi matumba a mbatatesi mudzapitabe mofatsa.

Chondidandaulitsa nchakuti oyiloyo sasunga, amachita kuyitanitsa ndiye galimoto imagona komweko, komanso malo odikirira a mthunzi ndi ochepa. Imbani kaye akuuzeni tsiku lobwera kuti oyilo afikiretu.