Ka switch ka ma port 8 kaja, patatha miyezi 7 pa loji yathu ku Dedza: nyenyezi 3 mwa 5

Ka switch aka, kabokosi kolumikizira makompyuta ndi zipangizo zina pa netiweki imodzi, ndinakagula ku Lilongwe mu Juni nthawi ya chisanu chija, cholinga changa chinali chimodzi basi, kulekanitsa WiFi ya alendo ndi kompyuta ya pa risepishoni komanso makamera, poti mu kompyuta imeneyo ndi momwe muli mabuking ndi malisiti onse. Pa katoni analemba kuti kali ndi VLAN ya 802.1Q, njira yogawira netiweki imodzi m'magawo osaonana, nde ndinati zatheka. Ofesi ndinaiika pa VLAN 10, alendo pa 20, makamera pa 30.

Pa liwiro ndilibe nako chifukwa. Ndi ka gigabit, kalibe fani nde phokoso ayi, magetsi akathima n'kuyakanso ma setting onse amakhala momwemo.

Koma pa chitetezo apa nde kandikhumudwitsa kwambiri. Mphwanga amene akuphunzira za ma netiweki anabwera pa holide, anangokhala pa khonde ndi laputopu yake n'kulowa WiFi ya alendo ngati mlendo wina aliyense, kusintha IP (adiresi ya laputopu pa netiweki) pang'ono basi, tsamba loyendetsera switch mbee pa skirini, ine ndili chiimire kumbuyo kwake tiyi ali m'manja. Password inali ikadali admin ya ku fakitale, imeneyo ndinalekerera ndine, koma tsamba limenelo silimayenera kuoneka n'komwe kwa munthu wa pa VLAN 20, komanso limayenda pa HTTP chabe kutanthauza password imadutsa poyera. Munthu akalowa pamenepo atha kusintha ma port mmene akufunira mpaka kufika pa kompyuta ya ofesi.

Anandiuzanso za double tagging, amati amalume, wakuba amamata ma tag awiri (zizindikiro zosonyeza VLAN) pa paketi ya data, switch yoyamba imachotsa yakunja ikafanana ndi native VLAN (VLAN yodutsa popanda tag, imene nthawi zambiri imakhala VLAN 1), yachiwiri n'kuwerenga yamkati n'kuipititsa kumene siimayenera kupita, nde musasiye zinthu pa VLAN 1. Tsiku lomwelo tinasintha password, tinachotsa ma port onse pa VLAN 1, atatu osagwira ntchito tinawatseka, ka switch tinakatsekera mu kabati ya loko.

Kwa wa pakhomo kapena ka shopu ka fotokope kali bwino ndithu. Koma anzanga a maloji a m'mbali mwa M1 muno, kumene kumagona anthu osawadziwa usiku uliwonse, musanalipire funsani ngati kali ndi management VLAN (gawo lapadera la tsamba loyendetsera switch), HTTPS (yobisa password ikamadutsa) ndi port security (yoletsa zipangizo zachilendo pa ma port). Ineyo ndayamba kale kusunga ndalama ya ina, aka kadzatsala ka makamera okha.