Kabuthi ka mobile money pafupi ndi msika wa Kapata

Mabuthi a mobile money kuno ku Chipata ali mbwee, a Airtel Money, a MTN MoMo, ena ali ndi malaini onse, koma ine ndalama zanga ndimatapira pa kabuthi kena pafupi ndi msika wa Kapata pomwe pamakhala mayi wina wachikulire pang'ono. Asanatumize amayamba akuwerengera dzina lomwe latuluka pa foni, "ndi awa eti?", ndipo agogo akabwera kudzatenga ndalama zomwe mwana wawo watumiza kuchokera ku Lusaka sawalanda foni ayi, amawauza alembe okha PIN iwo n'kuyang'ana kumbali, kenako ndalama kuziwerenga kawiri pamaso pawo. Ena amaona ngati akuchedwetsa mzere koma kwa ine ntchito yeniyeni ndi imeneyo.

Mu 2016 Tavneet Suri ndi William Jack anatulutsa kafukufuku wawo wa ku Kenya mu magazini ya Science, anapeza kuti M-Pesa, mobile money ya kumeneko yomwe inayamba mu 2007, inatulutsa mabanja pafupifupi 194,000 mu umphawi wadzaoneni, makamaka mabanja omwe mutu wake ndi mayi. Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti iwo anayang'ana kuchuluka kwa ma ejenti, anthu ogwira ntchito m'mabuthi otere, pafupi ndi nyumba za anthu. Ndiye kuti phindu lonselo limadutsira m'manja mwa anthu ngati mayi awa, ndipo ejenti akakhala kutali ngati momwe zilili kumidzi ina ya ku Vubwi ndi Chadiza, ndalama ili mu foni koma sungagule nayo feteleza mpaka ulipire njinga kapena honda kukafika pomwe pali buthi.

Zovuta zilipo. Nthawi yogulitsa soya ndi nshawa floti, ndalama zomwe ejenti amagwirira ntchito, imatha msanga, ukafika masana ukufuna kutapa zambiri amakuuza chilungamo kuti "pepani bambo, kashi yatha", bola sanama kuti netiweki yavuta. Palibenso mthunzi wokwanira, dzuwa la October umalimva ndithu. Ndipo kuyambira January 2024 boma linaika levy pa ndalama zotumizirana, pamwamba pa machaji, izi si mlandu wa mayiwa koma zimamupweteka munthu wotumiza tindalama tochepa pafupipafupi.

Ngati muli ndi makolo osadziwa bwino foni atengereni pamenepa, koma m'mawa, kashi isanathe.