Mmisiri wa ku Chinamwali amene anandikonzera chowotchera nyama cha gasi

Amene muli ndi chowotchera nyama cha gasi chochokera kunja, musathamangire kuchilumikiza ku silinda musanaonane ndi munthu wodziwa ntchitoyi. Ku Chinamwali kuli bambo ena okonza mbaula za gasi, ndipo ine ntchito yawo ndakhutira nayo.

Changachi anandisiyira ndi alamu anga atabwera kuchokera ku America. Kumeneko nyumba zambiri zimalandira gasi wa m'mapaipi, uja amati natural gas, ndipo chowotcherachi anachipangira gasi ameneyo. Kuno kulibe zimenezo, timadalira LPG wa m'masilinda. Anyamata ena mumsika wa Zomba ankati nkhani ndi yongolumikiza paipi basi. Bambowa atachiona anapukusa mutu: "Mayi, mukatero mupsa nsidze, mwinanso khonde lomwe."

Chimene chinandikopa n'chakuti anakhala pansi n'kundifotokozera. Gasi wa m'mapaipi ndi wofookerapo, ndiye majeti ake, tizitsulo totulukira gasi wopita ku moto, amakhala ndi timabowo tokulirapo. LPG mphamvu zake zimaposa kawiri pa muyezo womwewo. Akadutsa pa timabowo totere, moto umalilima, wachikasu, wodzaza mwaye. Anzathu akunja akamachoka ku propane, yemwe ndi mtundu wa LPG, kupita ku gasi wa m'mapaipi amaika majeti a mabowo aakulu. Ife tinkafuna zotembenuza, ndipo bowo lalikulu silichepetseka. Ena amalitseka ndi mtovu n'kuboolanso, koma bambowa anakana zimenezo kwamtuwagalu. Anagula majeti atsopano a buraasi, paipi yatsopano ndi regulator ya 2.8 kPa, kachipangizo kochepetsa mphamvu imene gasi amatulukira nayo mu silinda.

Anandiuzanso poyera kuti makampani ambiri opanga zowotcherazi saloleza kusintha kotere, ndiye chisankho chinali changa. Kukhulupirika kotero sikupezeka wamba.

Atamanga zonse anapaka thovu la sopo polumikiza paliponse. Pamalo ena panatuluka tinthovu, anamasula n'kumanganso, kenako anandipatsa burashi kuti ndiyese ndekha. Silinda anandiletsa kuisunga m'kakabati ka pansi pa chowotchera, chifukwa mulibe mazenera otulutsira mpweya. LPG ndi wolemera kuposa mpweya, akadontha amadikha pansi kudikira kamoto. Pano silinda imakhala pambali, poyera.

Zodandaula zilipo. Majeti anachita kuitanitsa ku Blantyre ndipo anachedwa kwambiri. Kuchedwako sindikukuona vuto, koma munthu ukasunga katundu wa mwini uziyankha foni. Ndinafika pokwera kabaza kukaona ngati chinthu changa chikadalipo. Lisiti nalonso sapereka pokhapokha uumirire.

Moto tsopano ndi wabuluu, wofanana mbali zonse, ndipo ukautsitsa suzima. Chambo chimapsa bwino osada, nkhuku imapsa mpaka pafupa. Bambo a kunyumba kuno akuti kanyenya wa mbuzi wopanda fungo la makala si kanyenya, ndipo pamenepo akunena zoona, kakomedwe kamasiyana. Koma ine ndikayang'ana m'mene mitengo yathera m'mbali mwa phiri la Zomba, komanso m'mene thumba la makala limakwerera mtengo nthawi ya mvula, mtima wanga uli ku gasi.

Mukamapita kumeneko tengani chowotchera chonse pamodzi ndi silinda yanu, chifukwa amafuna kuyesa moto inu muli pompo. Za mtengo ndi tsiku lotenga mugwirizane asanayambe kumasula.