Ruger GP100 ngati revolver yoyamba kwa munthu wozolowera pisito ya magazini

Amene muli kale ndi pisito, kaya Glock kaya CZ, ndipo mtima wayamba kulakalaka revolver, mfuti ya m'manja imene zipolopolo zimalowa m'mabowo a silinda yozungulira, ine ndinganene kuti yambirani pa Ruger GP100 ya .357 Magnum, ija ya mpope wa mainchi 4.2. Ndaneneratu kuti amene muli bize musavutike kuwerenga mpaka pansi. Koma sikuti ilibe zotopetsa ayi, komanso pali zizolowezi zina za pa pisito zimene mukabwera nazo kuno zikupwetekani, ndiye bola muwerengebe.

Choyamba chimene umamva ukangoinyamula ndi kulemera. Ndi chitsulo chokhachokha, pafupifupi 1.1 kg isanalowe ndi chipolopolo chimodzi chomwe, pamene Glock 19 yopanda kanthu siifika n'komwe magalamu 700. Mphindi zoyamba umaona ngati wakwezedwa katundu, koma ukayamba kuwombera m'pamene umathokoza chifukwa kulemera komweko ndi kumene kumameza kukankha kwa mfuti. Ukaika zipolopolo za .38 Special imangogwedezeka pang'ono basi, maso osachoka pa chandamale.

Nkhani ya zipolopolo ndi imene imandikoka kwambiri pa mfuti imeneyi. Revolver ya .357 Magnum imadyanso .38 Special popanda kusintha chilichonse, chifukwa mutu wa chipolopolo ndi wonenepa chimodzimodzi, kusiyana kuli pa khoko, la .357 ndi lalitali ndi mamilimita atatu kapena kuposera pang'ono. Anachita dala pamene .357 inkatuluka mu 1935, kuti munthu asaiike mu mfuti zakale za .38 zimene sizingapirire mphamvu yake. Ndiye kuti mfuti imodzi ikukupatsani zofewa zophunzirira ndi zaukali zomwe, inu ndi amene mumasankha. Langizo langa, miyezi yoyamba khalani pa .38 Special. Ya .357 ndi yaphokoso koopsa, imatulutsa moto woonekeratu, ndipo mukaithamangira mudzayamba kuphethira ndi kukankhira mfuti pansi isanalire, chizolowezi chovuta kuchichotsa chikakhazikika. Tsiku loyesa .357 pa range ya m'nyumba, malo oyesererapo kuwombera, valani zotseka m'makutu zonse ziwiri, zolowetsa ndi zovindikira. Komanso mukawombera .38 zambiri mumatsala mwaye wozungulira mkati mwa mabowo a silinda pamene khoko lalifupi limathera, osatsuka ndiye kuti .357 idzavuta kulowa kapena kutuluka.

Tsopano tiriga, apa m'pamene pali sukulu yonse. Pa pisito munazolowera tiriga yaifupi yopepuka, mukaombera mumangoibweza pang'ono mpaka kumva kaphokoso ka reset n'kukokanso. Pa GP100 pali hamala, kachitsulo kakumbuyo kamene kamagwa kuti mfuti ilire, ndipo mukakoka tiriga hamala ili pansi, kumene amati double action, chala chanu chimodzi chikugwira ntchito zitatu, kuzunguza silinda, kukokera hamala kumbuyo, kenako kuimasula, ndiye ulendo wake ndi wautali ndipo umalemera pafupifupi makilo asanu. Tsiku loyamba zipolopolo zimapita kulikonse, olo munthu amene amadzitama kuti amalasa bwino pa pisito ya 9mm amachita manyazi. Ndiye pali kanjira kachidule kamene kamanyenga aliyense, kukoka hamala ndi chala chachikulu kaye kuti tiriga ikhale yopepuka kwambiri, single action imeneyo. Imakoma, ndipo mabowo pa pepala amayandikana nthawi yomweyo, koma mukangozolowera zimenezo ndiye kuti mwagula revolver osaphunzira revolver. Ine single action ndimaisungira kuwombera patali mwachifatse, zina zonse ndi double action.

Mmene imakokedwera, chala chilowe mpaka pa mfundo yoyamba osati kansonga ngati pa pisito, kokani mosalekeza ndi liwiro limodzi osaima panjira kudikira, ndipo mukamabweza muibweze yonse mpaka kutsogolo. Zobweza theka zija kuno sizigwira, mukatero tiriga imauma kapena silinda imazungulira osaombera, inu n'kumati mfuti yafa pamene vuto ndi chala. Ubwino wake mutha kuyeserera kunyumba mfuti ili yopanda kanthu, mwatsegula silinda mwaona ndi maso mabowo onse asanu ndi limodzi, zipolopolo zenizeni zili chipinda china, mwaika zabodza zija amati snap cap, mwalozetsa kumene kulibe munthu. Tiriga ya GP100 ikakhala yatsopano imamveka yokhakhala pang'ono, imabwera ikusalala ndi kugwiritsa ntchito. Ndipo chodabwitsa n'chakuti mukabwerera pa pisito yanu mudzapeza kuti mukulasa bwino kuposa kale, chala chimene chaphunzira kukoka makilo asanu mfuti osagwedezeka sichivutikanso ndi awiri ndi theka.

Chinthu chimene ndikufuna muchimve ngakhale zina zonse muiwale ndi kagwiridwe. Anthu a pisito ambiri amagwira zala zazikulu zonse ziwiri zitaloza kutsogolo m'mbali mwa mfuti. Pa revolver MUSATERO. Pakati pa silinda ndi mpope pali kampata kakang'ono koti silinda izitha kuzungulira, ndipo mfuti ikalira mpweya wotentha, onga ndi tizidutswa ta mtovu zimathawira pamenepo cham'mbali ndi mphamvu yoti pa .357 ikhoza kung'amba chala. Izi si za Ruger yokha, ma revolver pafupifupi onse ali choncho. Zala zazikulu zipindike pansi, cha dzanja lothandizira chipanikize chinzake, zonse zikhale kumbuyo kwa silinda. Chimodzimodzinso mnzanu amene akuonerera asaime pambali penipeni pa mfuti, ndipo magalasi oteteza maso si okambirana.

Kuika ndi kuchotsa zipolopolo ndi kumene munthu wa magazini amapsa mtima. Zisanu ndi chimodzi basi, pamene Glock 19 imanyamula 15, ndiye ukangoyamba kumva kukoma zatha. Ilipo GP100 ina ya zisanu ndi ziwiri koma kusiyana kwake si kwakukulu. Batani lotsegulira silinda pa Ruger umalidina kulowa mkati, pa Smith & Wesson umakankhira kutsogolo, pa Colt umakokera kumbuyo, ine la Ruger ndi limene limandigwirira bwino pa chala koma izi ndi za munthu payekha. Pochotsa makoko lozetsani mpope m'mwamba n'kumenya kandodo kotulutsira kamodzi mwamphamvu, osati monyengerera mfuti ili chogona, chifukwa tinyenyeswa ta onga wosapsa tikagwera pansi pa kanyenyezi kokankha makoko kaja silinda imakana kutseka kapena tiriga imalemera modabwitsa. Kaburashi kakang'ono kazikhala m'chikwama nthawi zonse. Ma speedloader a HKS kapena Safariland amathandiza, amaika zonse kamodzi, koma musadzinamize kuti mufika liwiro la kusintha magazini msanga. Ndipo chonde zija za m'mafilimu zotseka silinda poigwedeza ndi dzanja limodzi zisiyeni, zimapinda kamkono kamene kamanyamula silinda, tsekani ndi dzanja linalo bwinobwino.

Anthu amakonda kunena kuti revolver siijama, kutanthauza kuti siikakamira n'kukana kuwombera. Zoona pang'ono. Siisamala kuti dzanja lanu ndi lofooka, siisankha zipolopolo ngati mmene pisito zina zimachitira, palibe magazini yoti ikhale yokutha. Koma ikajama imajamadi, palibe zomenya magazini n'kukoka silaidi, chapamwamba chotsetsereka cha pisito, nthawi zambiri ndi nkhani ya patebulo ndi zida. Komanso pali ngozi ina yoti muidziwe, chipolopolo chikalira mofooka modabwitsa imani pomwepo, mwina mutu watsakamira mu mpope, ndipo revolver ikulolani kukokanso tiriga n'kutumiza china pamwamba pake popanda kukuchenjezani. Chikangoti khethe osalira, mfuti ikhalebe cholozera ku chandamale masekondi 30 musanachite china.

Kamangidwe kake ndi kamene kanaipatsa mbiri. GP100 inatuluka mu 1985 kulowa m'malo mwa revolver ina ya Ruger yotchedwa Security-Six, ndipo anaipanga kuti izidya .357 zamphamvu tsiku ndi tsiku osatopa. Thupi lake lilibe kachitseko kam'mbali komanga ndi masikuluwu ngati Smith & Wesson, zamkati za tiriga zimatulukira pansi pamodzi ngati gulu, ndipo silinda imakhomedwa malo atatu. Ilibe sefite yoti muzidina, m'malo mwake muli kachitsulo kotchedwa transfer bar kamene kamakwera pokhapokha tiriga yakokedwa mpaka kumapeto, popanda apo hamala siingafike pa pini yomenya chipolopolo. N'chifukwa chake mutha kudzaza mabowo onse, zosiya bowo limodzi lopanda kanthu pansi pa hamala ndi za mfuti zakale ngati Colt ya 1873. Koma kupanda sefite kukutanthauzanso kuti mwana akaipeza palibe chomutchinga kupatula kulemera kwa tiriga, ndipo ana amakoka ndi zala ziwiri, ndiye sefa yokhoma musaizengereze.

Nanga Smith & Wesson 686? Ndi mpikisano weniweni, kukula ndi kulemera n'zofanana, ndipo kunena chilungamo tiriga yake imakhala yosalala kuposa ya Ruger zonse zikakhala zatsopano, maonekedwenso ndi yokongolapo. GP100 ili ngati khasu lolimba, si yodzionetsera, pa mpope analembapo chenjezo loti muwerenge buku la malangizo limene ambiri amati limanyansitsa mfuti, inenso ndimavomereza. Mukapeza 686 ndipo yakukwanani m'manja palibe cholakwika. Chimene ndingakuletseni ndi kuyambira pa tating'ono tija ta m'thumba ngati Smith & Wesson 642. Timaoneka tosavuta koma kamfuti kosafika theka la kilo, ka mpope wosakwana mainchi awiri, kamamenya dzanja ndipo kulasa nako kumafuna luso, ndi mfuti ya munthu amene tiriga ya double action anaidziwa kale.

Zotopetsa zina, kuyenda nayo m'chiuno tsiku lonse kumene malamulo amalola ndi chintchito, silinda ndi yonenepa ndipo lamba wamba amagonja. Kutsuka kumatenga nthawi, pisito ndi mpope umodzi koma kuno ndi mpope kuphatikiza mabowo asanu ndi limodzi, ndi kumaso kwa silinda kumene kumada bii, ngakhale kuda kumeneko sikuononga kanthu musadzivutitse kupala. Chogwirira cha labala cha Hogue chimene imabwera nacho chimameza kukankha bwino koma kwa a manja ang'onoang'ono chala chimavutika kufika pa tiriga, mwayi wake chimasinthika mosavuta ndipo zazing'ono zilipo.

Mukamagula yogwiritsidwapo kale, laisensi ndi mapepala zili m'malo, muione kaye ili yopanda zipolopolo. Kokani hamala pang'onopang'ono pa bowo lililonse, silinda izikhoma yokha hamala isanafike kumapeto. Ikakhoma igwedezeni ndi zala, kusewera pang'ono cham'mbali n'kwabwinobwino koma kutsogolo ndi kumbuyo isamayende moonekera. Unikani ndi tochi pamene mpope umayambira kuona ngati palibe mng'alu, zunguzani silinda ili yotsegula kuona ngati kandodo kotulutsira makoko sikakuvina, ndipo hamala ikakhala kumbuyo ikankheni pang'ono ndi chala, ikagwa yokha ndiye kuti wina anaseweretsa zamkati, imeneyo isiyeni.