Kuyeza DNA ndi MyHeritage posaka mayi wokubala: kumathandiza, koma osati pakokha

Mapepala amanama, magazi sanama. Ku Ireland mu 2018 boma linapeza ana 126 a bungwe lachikatolika la St Patrick's Guild omwe analembedwa m'kaundula ngati obadwa kwa makolo owalera, dzina la mayi weniweni osaoneka m'kaundulamo. Lipoti la mu 2021 linati amayi pafupifupi 56,000 ndi ana 57,000 anadutsa m'nyumba 18 zosungiramo amayi osakwatiwa, ndipo ana pafupifupi 9,000 anafera momwemo. Ena mwa opulumukawo apeza abale awo kudzera mu kuyeza DNA, tizinthu ta m'thupi timene munthu amatengera kwa makolo ake. Njira yomweyo ikhoza kuthandiza banja la kuno ku Salima lomwe mwana wawo anatengedwa ali khanda kupita kunja, ndipo lero ndi munthu wamkulu amene akufunsa za kwawo.

Kabokosi ka MyHeritage, kampani yoyeza DNA, kamabwera ndi timitengo tiwiri ta thonje kunsonga, timabotolo tiwiri ta madzi osungira, kathumba ka pulasitiki ndi envelopu. Kwa gogo wokalamba izi n'zosavuta kusiyana ndi kampani ina ya AncestryDNA, yomwe imafuna malovu olavulira mu kachubu. M'mwezi wa Okutobala kukatentha kunyanja kuno, kukamwa kumauma gwa, malovu satuluka.

Musanatsegule chilichonse, lembetsani nambala ya kabokosiko pa intaneti. Mukaiwala, zotsatira sizidzakhala ndi mwini. Woyezedwa akhale mphindi 30 asanadye, asanamwe, asanasute, ndipo kwa agogo athu titchule poyera: chingambwe ayi, mzimbe ayi. Khulani mkati mwa tsaya limodzi kwa masekondi 30 mpaka 60, thyolerani nsonga ya kamtengoko mu kabotolo, tsekani zolimba, kenako tsaya linalo ndi kamtengo kachiwiri. Zolephera zina zimachokera pa kukhula mwaulemu kwambiri, moti tizidutswa ta khungu timachepa, kapena wothandiza kugwira thonjelo ndi zala zake. Timabotolo timapita ku Houston, Texas. Kutumizira pa kampani yonyamula katundu ku Lilongwe kumadula, koma phukusi mumalitsata pa foni. Malipiro ndi a khadi la kubanki mu ndalama zakunja, choncho ndi bwino alipire amene ali kunjayo, ndipo ayang'anitsitse kuti asalowe mu mgwirizano wodzidula wokha chaka chilichonse.

Zotsatira zikabwera, chithunzi chosonyeza mitundu ya makolo anu musataye nacho nthawi. Sichingakuuzeni kuti ndinu a kwa Khombedza kapena a kwa Pemba. Chofunika ndi mndandanda wa abale ndi nambala ya cM, muyeso wa kuchuluka kwa DNA imene anthu awiri amafanana. Mayi ndi mwana amagawana cM pafupifupi 3,500, ndipo apa palibe chokayikitsa. Pafupifupi 1,750 ndi pamene anthu amasokonezeka, chifukwa akhoza kukhala m'bale wa mayi mmodzi koma bambo wina, agogo, malume kapena mayi aang'ono, ndiye muyerekeze ndi zaka zobadwa. Msuwani amakhala cha pa 850.

Vuto lalikulu la ntchitoyi ndi lakuti imakupezerani okhawo amene anayezetsa kale. Wa ku Ireland amapeza asuwani ambirimbiri chifukwa anthu akwawo anayezetsa mwaunyinji. Amalawi oyezetsa ndi ochepa kwambiri, moti mwana wobadwira ku Chipoka akhoza kupeza abale akutali okhaokha osamuthandiza. N'chifukwa chake kabokosiko kamapindula kwambiri kakafika kumudzi: ayezetse mayi, ndipo ngati anamwalira, ayezetse mchemwali wawo kapena mwinimbumba. Mukatero tsitsani fayilo ya zotsatira n'kuiika pa tsamba la pa intaneti la GEDmatch, pomwe oyezetsa kumakampani osiyana amakumana kwaulere. AncestryDNA salandira mafayilo ochokera kwina.

Mapepala musawasiye. Buku la ubatizo kuparishi limakhala ndi tsiku, mudzi, mayina a makolo ndi a amene anaimirira mwanayo, ndipo nthawi zina woimirirayo akadali moyo. Funsaninso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma. DNA imatsimikiza zimene bukulo lalozera.

Chimene kabokosiko sikachita ndi kufunsa mayi ngati akufuna kupezeka. Ena anakwatiwa osawauza amuna awo za mwana woyambayo. Ku Ireland lamulo la mu 2022 linakhazikitsa kaundula momwe mayi amalembera ngati akufuna kulumikizana kapena ayi. Kuno ntchito imeneyo igwiridwe ndi munthu amene mayiwo amamukhulupirira, awauze m'Chichewa, ali paokha, kuti dzina lawo lidzaoneka kwa abale onse oyezetsa. Akauntiyo mukhoza kuilemba ndi dzina lobisa, ndipo asunge mawu achinsinsi olowera mu akauntiyo munthu amene mayiwo amusankha okha.