Kufufuza za machenjezo a madzi osefukira: Shannon kapena Katz ndi Lazarsfeld?

Anzanga amene mukulemba mafunso a kafukufuku ku Nsanje ndi Chikwawa, musanakwere njinga kupita kumudzi yambani mwasankha kaonedwe ka mmene uthenga umayendera. Mafunso anu onse atuluka mmenemo.

Kaonedwe ka Claude Shannon ka mu 1948, komwe Warren Weaver anakatambasula mu 1949, ndi mzere umodzi: wotumiza, njira, wolandira, ndi phokoso losokoneza pakati. Shannon ankagwira ntchito ku Bell Labs, kwa amatelefoni, ndiye nkhawa yake inali yoti uthenga ufike wosaduka. Kuno kuchigwa kamathandiza ndithu. Mufunsa ngati wailesi ya Nyanthepa imamveka m'mudzimo, ngati foni inali ndi moto magetsi atazima nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, ngati chenjezo linabwera m'Chichewa pomwe agogo amamva bwino Chisena. Mayankho ake savuta kuwerengetsera.

Koma kamathera pakhutu. Ku East Bank ndinacheza ndi mayi wina ali pamphasa, akutong'ola chimanga cha kudimba. Chenjezo analimva bwinobwino. "Ndimadikira kuti amfumu anena zotani," anatero, "nanga mbuzi ndikanasiyira ndani?" Papepala langa ndinachonga kuti uthenga unafika, chonsecho madzi anawapeza ali m'nyumba. Chimenechi chinandiwawa.

Akatswiri ofufuza za chikhalidwe cha anthu, Elihu Katz ndi Paul Lazarsfeld, mu 1955 anakuza mfundo yochokera m'kafukufuku wa chisankho cha ku America cha 1940, yoti za pawailesi zimayamba zafika kwa anthu ochepa okhulupiridwa, iwowo n'kuuza anzawo. Apa funso limasintha: mutamva, munakafunsa kwa yani? Mutulukira mfumu, m'busa, a komiti ya ngozi zadzidzidzi, ngakhale wopalasa bwato pa Shire amene amaona madzi akukwera wailesi isananene. Vuto lake ndi nthawi. Tsiku loyamba aliyense akuyankhani kuti "amfumu" mwaulemu chabe, dzina lenileni limatuluka mukagonako masiku angapo. Masiku anonso WhatsApp yachulukitsa manja amene uthenga umadutsamo.

Katswiri wina, Wilbur Schramm, mu 1954 anatsindika zoti wolandira naye amayankha, koma pa machenjezo, yankho la wakumudzi silibwerera kawirikawiri kwa olengeza.

Ine ndimatenga kaonedwe ka Katz ndi Lazarsfeld. Ka Shannon ndimakapatsa mafunso oyambirira okha, a wailesi, foni ndi chiyankhulo.