Kuyesayesa kapena ma equation, tiyambe ndi iti?

Anzanga ophunzitsa masamu, nkhaniyi timangokangana mu staff room osamalizana ndiye tiyeni tiione pa funso limodzi. M'khola muli nkhuku ndi mbuzi, mitu 20, miyendo 56, zilipo zingati zingati?

Ya equation mukuidziwa kale, x ndi nkhuku, y ndi mbuzi, x + y = 20, 2x + 4y = 56, elimination (kuchotsa x kuti patsale y yekha) mpaka y = 8. Ndiyachangu kwa mwana amene waigwira ndipo pa MSCE sangaithawe. Koma ambiri amangoloweza masitepe ngati nyimbo ya kwaya, wina anandipezera mbuzi -3 nkudula mzere kawiri pansi pake osadabwa olo pang'ono kuti mbuzi zotere zimadya chani.

Kuyesayesa ena amati ndi kuombeza, ine ndimakana. Mtsikana wina wa Fomu 1 anayamba ndi mbuzi 10 nkhuku 10, miyendo inakwana 60, yapitirira ndi 4. Anakhala kaye duu akuluma cholembera kenako amvekere madamu ndikachotsa mbuzi imodzi nkuikapo nkhuku miyendo ikutsika ndi 2, ndiye ndichotse ziwiri basi. Mbuzi 8, nkhuku 12. Ameneyutu waganiza zomwe elimination imachita, dzina lokha ndi lomwe sakulidziwa. Bola muwakakamize kujambula tebulo, nambala yomwe ayesa, zomwe zatuluka, zachuluka kapena zachepa, chifukwa akamangoponya manambala chiponyeponye pamenepo ndiye kuombezadi.

Pomwe njira yoyesayesa imagwa mphuno ndi pa quadratic. Apatseni x² + x = 72, aipeza 8 msangamsanga nkuyamba kusokosa, koma -9 palibe amene amaiganizira. Sinthani 72 ikhale 50, ansala yake ndi 6.58 ndi zinazake, piriyodi yonse ithera pompo ena akulimbirana kakyuleta imodzi. Kuchonga nakonso nkowawa poti aliyense wadzera njira yake, kalasi ikakhala yodzadza makope ake mumapita nawo kunyumba.

Ine ndimayamba ndi kuyesayesa masiku awiri okha, lachitatu ndimalemba pa bolodi mitu 347 miyendo 1000 nkukhala pansi. Sipadutsa mphindi zambiri wina kumbuyo wakweza mkono, madamu palibe njira yachidule? Choko cha x ndi y ndimachitenga pamenepo.